KUKWERA MITENGO NDI CINGWE

Acikumbi a ku Machinga ndi ku Balaka, mwezi uno tisiya pang'ono nkhani za mizere ndi za manyowa, kuti tikambe za nchito imene mumaicita mapazi atasiyana ndi nthaka. Mlimi wa cimanga ndi fodya satha caka osakwera mtengo. Akwera kukasadza nthambi zimene zacita mthunzi pa munda. Akwera kukadula mitanda ya cigafa ndi nkhuni. Akwera kukapacika mng'oma. Ndipo ku Utale ndi ku Ulongwe, kumene milambe yaculuka, akwera kukagwetsa malambe. Zambiri mwa nchito izi zigwa m'cilimwe ndi kumayambiriro kwa dzinja, ndiyo nyengo yomweyo imene nazale ifuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndi munda ufuna mwini wace ali wamphumphu.

Caka cina tinapita pa mudzi wina wa kufupi ndi Ntaja kukaona nazale ya bambo wina, mlimi wakhama ndithu. Tinapeza mbande zitafota, ndi mwini wace ali gone pa mphasa m'khonde. Anali atakwera mtengo wa keshya kukadula nthambi yaikulu ya mtanda wa cigafa. Pofuna kuti nthambiyo isagwere pa nkhokwe imene inali pafupi, anaimanga ndi cingwe, nacipyoletsa pa mphanda ya pamwamba, napatsa mlamu wace nsonga yina kuti agwire ndi manja. Nthambi itaduka, cingwe cinathamanga m'manja mwa mlamuyo nicimsupula zikhato. Iye anataya, nthambi inalendewera nikantha amene anali m'mwamba, ndipo anagwa, nathyoka mwendo ndi nthiti ziwiri. Mvula inabwera, anzace anaoka fodya, iye ali pa mphasa. Cingwe cija sicinaduke ai, cinali cabwino ndi catsopano. Cimene cinasowa tsiku limenelo ndi nzeru imene mnyamata ali yense woweta ng'ombe ali nayo, ngakhale sadziwa kuifotokoza.

Nzeru ya woweta ng'ombe

Ng'ombe yamphongo ikafuna kuthawa, mnyamata wocenjera salimbana nayo ndi manja. Athamangira ku mtengo, nazunguliza cingwe pa thunthu kawiri, ndipo ng'ombe imene ikanakoka amuna anai iima, iye atagwira nsonga ya cingwe ndi dzanja limodzi. Kodi mphamvu imeneyi yacokera kuti? Siiri m'mkono mwa mnyamatayo. Cingwe cikakokedwa ciri cozungulira mtengo, cikanirira pa khungwa, ndipo khungwa licikaniza kutsetsereka. Mphamvu yokaniza imeneyi tiichula kukhulana m'phunziro lino. Ndi yomweyo imene iimitsa njinga pamene mabuleki afinya gudumu, ndi yomweyonso imene makolo athu anapekesa nayo moto. Moto umenewo muukumbukire, pakuti tibwererako.

Munthu wina wa masamu wa ku Switzerland, dzina lace Leonhard Euler, anaonetsa m'zaka za m'ma 1700 kuti kukhulana kwa cingwe cozungulizidwa sikukula monga tiwerengera 1, 2, 3 ai, koma kukula moculukitsa. Tiyerekeze kuti pa mtengo wina, ndi cingwe ca khonje, kuzunguliza kamodzi kugawa kulemera kwa katundu ndi 6. Nthambi ya makilogalamu 180, imene iposa matumba atatu ndi theka a cimanga, idzamveka m'dzanja ngati makilogalamu 30. Mukazunguliza kaciwiri mugawanso ndi 6, ndipo atsala makilogalamu 5. Mukazunguliza kacitatu, cotsala sicifika ndi kilogalamu imodzi yomwe. Mlamu uja anasenza makilogalamu ambiri-mbiri ndi zikhato zace, mtengo woti umsenzere uli ciimire pambali pace.

Codabwitsa cina ndi ici: kunenepa kwa thunthu sikusintha masamu amenewa. Cimene ciwerengedwa ndico kangati cingwe cazungulira, ndi kukakala kwa malo amene cazungulirapo. Motero nambala 6 ija musaitenge ngati lamulo la mitengo yonse. Pa khungwa lokakala la mango wakale ikula. Pa khungwa losalala la bulugamu kapena la mlambe icepa kwambiri. Cingwe catsopano ca nailoni citerera kuposa ca khonje, ndipo matope ndi ndere za m'dzinja zisinthanso zinthu. Mlimi ayenera kuyesa mtengo wace ndi cingwe cace asanaikepo katundu wolemera.

Yesani izi pa bwalo, ana a sukulu alikuona. Dzazani ndowa ya malita 20. Madzi amenewo alemera makilogalamu 20. Ponyani cingwe pa nthambi yolimba, mangani ndowa ku nsonga imodzi, mnzanu ainyamule, ndipo inu mugwire nsonga yinayo. Mnzanuyo akataya, mudzaona kuti kuigwira ndowayo m'malere nkopepuka, ngakhale cingwe cangozungulira theka la nthambi. Tsono yesani kuikweza mwa kukoka. Mudzatuluka thukuta. Mwa masamu athu aja, kuigwira kufuna makilogalamu 8, koma kuikweza kufuna 50, pakuti kukhulana kukaniza cingwe kuyenda mbali iri yonse. Kuthandiza wotsitsa, ndi kusautsa wokweza.

Pali cinthu cinanso cimene ambiri saciganiza. Nthambi imene cingwe capitapo isenza mbali zonse ziwiri. Pamene mukweza ndowa ija, nthambi isenza makilogalamu 20 a ndowa pamodzi ndi 50 a kukoka kwanu, onse 70. Ici ndico cifukwa cace nthambi zithyoka pokweza mng'oma umene munthu mmodzi anabwera nao pa phewa. Wokweza katundu amange kagudumu ka cingwe pa nthambi, kapena mphete yosalala ya citsulo, kuti kukhulana kucepe. Ngakhale atatero, adziwe kuti nthambi isenzabe katundu wace kawiri.

Kutsitsa nthambi yolemera

Nchito iyi tiiika patsogolo cifukwa mlimi ali yense angathe kuiyamba mawa ndi cingwe cimene ali naco. Pyoletsani cingwe pa mphanda yolimba imene iri pamwamba pa nthambi yodulidwayo. Mangani nsonga imodzi ku nthambiyo. Nsonga yina ipite ku mtengo wina, kapena ku citsa colimba, kutali ndi pamene nthambi idzagwera, ndipo kumeneko muzungulize. Citsa ca mtengo wouma ciposa mtengo wamoyo, pakuti cingwe cothamanga cisupula khungwa, ndipo moyo wa mtengo uli pansi pa khungwa pomwepo.

Kodi muzungulize kangati? Apa mpamene pali luso. Mukacepetsa, cingwe cithamanga monga cinacitira ku Ntaja. Mukaculukitsa, nthambi ikagwa iima mwadzidzidzi, ndipo kugwedeza kwace kuposa kulemera kwace kangapo. Cingwe cingaduke, mphanda ingang'ambike, ndi munthu wa m'mwamba angagwedezeke ngati bango. Wogwira cingwe wodziwa nchito alola nthambi itsike pang'ono poyamba, naimitsa pang'ono-pang'ono, monga woyendetsa ngolo aimitsira ng'ombe pa citunda. Yambani ndi nthambi zazing'ono ndi kuzunguliza kamodzi kufikira dzanja lizolowere. Cingwe cozungulizidwaco cigone m'mizere yosakwerana, pakuti cikakwerana cidziluma cokha, ndipo katundu atsala m'malere osatsika.

Wa pansi asakulunge cingwe pa dzanja lace kapena m'ciuno mwace, ngakhale kanthawi kocepa. Aime pambali, maso ali m'mwamba, ndipo ana ndi mbuzi zikhale kutali. Wa m'mwamba ayambe kuceka kunsi kwa nthambi pang'ono, kenaka pamwamba, kuti nthambi isang'ambe khungwa la thunthu pogwa. Asadule asanapfuule ndi kumva yankho. Ndipo nthambi yaikulu aidule m'zidutswa. Kukwera ndi kutsitsa katatu kutaya nthawi, inde, koma ife sitinaonepo munthu atabvulazidwa ndi cidutswa cimene akanatha kucinyamula yekha.

Anthu amene nchito yao ndi yosadza mitengo m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America anasiya kuzunguliza cingwe pa thunthu. Amanga kapaipi kafupi ka citsulo pa tsinde la mtengo, kamene akachula Port-a-Wrap, nazunguliza cingwe pa kapaipiko. Nzeru yace ndi yomwe ija ya woweta ng'ombe. Ubwino wace ndi wakuti citsulo cikhula mofanana lero ndi mawa, kotero kuti munthu adziwiratu kangati azungulize, ndiponso khungwa silionongeka.

Tikumbutse pano kuti m'nkhalango za Boma, monga ya Liwonde ndi ya Malosa, simuloledwa kudula popanda cilolezo ca a za nkhalango. Lamulo lace ndi la 1997. Tinenenso za mtengo wa nsangu. Ambiri aukwera ndi kulasidwa ndi minga yace pacabe, pofuna kucotsa mthunzi pa cimanga, ciri cikhalire mtengo umenewu uyoyola masamba ace m'dzinja, nuthira nao manyowa m'munda. Usiyeni.

Cingwe ca katundu ndi cingwe ca munthu

Tsono tifike pa munthu mwini. Pano tiyenera kunena mosabisa. Luzi lopota, cingwe ca khonje, ndi cingwe cobiriwira cija ca pulasitiki cimene mugula pa msika wa Balaka kapena wa Liwonde, zonsezi nzabwino pa mbuzi, pa ngolo ndi pa nthambi zopepuka. Pa moyo wa munthu iai. Khonje libvunda m'kati likanyowa, kunja likuoneka bwino. Cingwe ca pulasitiki cifumbutuka ndi dzuwa, citerera kotero kuti mfundo zimasuka zokha, ndipo cisungunuka pa kutentha kwa madigiri 165 kapena kufupi ndi apo, kumene cingwe cokhula pa cinzace cifikako msanga.

Cingwe ceni-ceni cokwerera mitengo ncoluka, ca ulusi wa polyester kapena nailoni, conenepa mamilimita 11 kufikira 13, ndiko kuti ngati theka la inchi, ndipo cipangidwa kuti cisaduke ndi katundu wocepera matani 2. Wina afunsa: matani 2 cifukwa ninji, munthu ali wa makilogalamu 60? Cifukwa mfundo iri yonse icotsa mphamvu ya cingwe, kawiri-kawiri gawo limodzi la magawo atatu kapena kuposa. Cifukwa munthu wogwa mita imodzi yokha akoka cingwe ndi mphamvu yoposa kulemera kwace kangapo. Ndi cifukwa cingwe cikalamba ndi nchito. Mtengo wace ngwaukulu kwa mlimi mmodzi. Koma kalabu ya alimi imene isonkha ndalama za feteleza ingasonkhenso za cingwe cimodzi ndi lamba mmodzi, nisankha anyamata awiri odekha kuti aphunzire nchitoyi ndi kuicitira mudzi wonse. Cingwe cimeneco cisatsitse nthambi, cisakoke ngolo, cisatunge madzi pa citsime. Cipakeni utoto ku nsonga kuti ali yense acidziwe.

Lamba wa wokwera agwira m'ciuno ndi m'nchafu zonse ziwiri, kotero kuti munthu akalendewera akhala ngati wakhala pa mpando. Kumanga cingwe m'ciuno mokha ndi msampha. Munthu akagwa, cingweco cikwera kunsi kwa nthiti nicimfinya mpweya, ndipo angafe ali m'malere ngakhale sanafike pansi. Polumikiza cingwe ndi lamba pakhale ngowe ya citsulo yokhala ndi cotsekera, imene siitseguka yokha ikakhula pa nthambi.

Makweredwe a cingwe copinda

Coyamba, cingwe cikwere munthu asanakwere. Sokani kathumba ka mcenga ka magalamu 300, kamangeni ku kacingwe kakang'ono kakatali, ndipo mukaponye pa mphanda imene mwasankha. Anyamata a legeni adziwa bwino nchito iyi. Kathumba kakatsika mbali yina, kokani cingwe cacikulu ndi kacingweko. Mphanda ikhale ya nthambi yamoyo, yonenepa ngati nchafu ya munthu, ndipo cingwe cigone pamene nthambi ikomana ndi thunthu, osati ku nsonga ai. Amuna awiri alendewere pa cingweco mapazi ali pafupi ndi nthaka, maso ndi makutu ziri m'mwamba. Mphanda ikalira, sankhani yina.

Tsopano muli ndi zingwe ziwiri zotsika kucokera pa mphanda, ngakhale cingwe ncimodzi. Ku nsonga ya mbali imodzi pindani cingwe kutalika kwa mkono, ndipo ndi cingwe copindaco mangani mfundo yooneka ngati nambala 8. Patsala diso limene silifinya kapena kumasuka lokha. Disolo likoleni ku lamba. Mbali yinayo ndiyo mudzakoka pokwera, ndipo pamenepo mpofunika cinthu cimene cilola cingwe kuyenda pamene munthu afuna, ndi kuciluma pamene munthu wataya.

Cinthu cimeneco ndi mfundo ya Prusik. Karl Prusik anali wokwera mapiri wa ku Austria, ndipo anaonetsa mfundo imeneyi kwa anzace m'caka ca 1931. Ifuna kacingwe kolimba kocepa kuposa cacikuluco, monga ka mamilimita 8 pa cingwe ca 12, kolumikiza nsonga zace ngati nkhata. Ikani nkhatayo kumbuyo kwa cingwe cacikulu, lowetsani mbali imodzi m'kati mwa inzace, ndipo bwerezani kufikira katatu, nthawi zonse kulowera m'kati. Mudzaona mizere 6 yogundana bwino, ndi kacingwe kamodzi kopingasa pamwamba pace. Konzani mizereyo ndi zala kuti isakwerane, ndipo mbali yotsala ya nkhata muikole ku lamba. Mukaikoka ndi thupi, mfundoyi ifinya cingwe nikana kuyenda. Mukacotsa kulemera, muikankha ndi zala ziwiri. Palibe matsenga apa. Ndi kuzunguliza komwe kuja, koma tsopano cingwe cazungulira cingwe cinzace, ndipo kulemera kwa munthu ndiko kumene kufinya.

Pokwera, pondani thunthu ndi mapazi, kokerani pansi cingwe ca mbali ya mfundo, ndipo kankhirani mfundo m'mwamba. Pumani pa lamba, ndi kubwerezanso. Mudzaona kuti mukoka mamita 2 a cingwe kuti mukwere mita imodzi. Malipiro a kucedwako ndi akuti mbali iri yonse isenza theka la thupi lanu, kotero manja satopa msanga, ndi mfundo siiluma kopitirira. Cingwe cikhale cokungika nthawi zonse. Wokwera nthambi ndi manja, nasiya cingwe cikulendewera, wadzikonzera malo ogwera. Ndipo munthu asakwere kupitirira mphanda imene cingwe cace capitapo.

Potsika, dzanja limodzi ligwire cingwe kunsi kwa mfundo, ndi zala za dzanja linalo zitsindike mfundo pamwamba pang'ono-pang'ono. Mukataya, muima. Ici ncosabvuta kucinena, koma thupi la munthu licikana. Wocita mantha afumbata ciri conse cimene ciri pafupi, ndipo akafumbata mfundo ya Prusik aimasula, natsetsereka nayo kufikira pansi. Cifukwa cace wophunzira ayenera kuyesa kutaya manja kambiri-mbiri pa nthambi yaifupi, mapazi ali mkono umodzi kucokera pa nthaka, kufikira thupi lizolowere. Ku nsonga ya pansi ya cingwe mumange mfundo yaikulu, kuti cingwe cikatha musapulumuke naco.

Tsono tibwerere ku moto wa makolo uja. Kukhulana kubala kutentha. Munthu wotsika mothamanga atenthetsa mfundo yace kotero kuti ulusi usungunuka, nuuma ngati galasi, nuyamba kuterera. Tsikani monga nkhalamba itsikira citunda. Mukafika pansi yang'anani kacingwe ka mfundo. Kakaoneka konyezimira kapena kouma, katayeni. Pa mphanda pomwe cingwe cikhula nthawi yonse ya kukwera ndi kutsika, nicidya khungwa ndi kudzidya cokha. Akatswiri apacika pa mphanda lamba wamfupi wa mphete ziwiri za citsulo, napyoletsa cingwe m'mphetezo. Ena asoka cikopa ngati paipi, nacigoneka pa mphanda kuti cingwe ciziyenda m'kati mwace, ndipo ici wosoka nsapato wa pa msika angakucitireni.

Ilipo mfundo yina yocita nchito yomweyi, imene imangidwa ndi nsonga ya cingwe conenepa mofanana ndi cokwereraco. Heinz Prohaska anailongosola m'caka ca 1981, ndipo Jason Blake anaifalitsa pakati pa osadza mitengo a ku America m'caka ca 1994, kotero itengera dzina la Blake. Sitiilongosola pano. Kulakwa pang'ono polowetsa nsonga kupanga mfundo yofanana nayo m'maso koma yosagwira, ndipo yotere iphunziridwa pa manja a munthu wodziwa, osati pa pepala.

Mukafika podula, dzimangeni kaciwiri ndi cingwe cacifupi cozungulira thunthu kapena nthambi yina, cokolanso ku lamba. Cikwanje cidula cingwe cokungika ndi kukhudza kumodzi. Pa cifukwa comweco, sowo wamng'ono wa dzanja aposa cikwanje ndi nkhwangwa m'mwamba; sadumpha, ndipo safuna kuti munthu agwedeze thupi lonse.

Zitsulo za makono

Akatswiri ambiri a masiku ano akwera pa cingwe cimodzi cosayenda, comangika pamwamba kapena pa tsinde. Atero cifukwa mita iri yonse imene akoka akwera nayo yonse, ndipo akwera ndi miyendo, atabvala ku phazi kacitsulo ka mano kamene kalola cingwe kupita mbali imodzi yokha. Koma pa cingwe cotere mfundo isenza thupi lonse, ndipo potsika iluma nikana kumasuka. Kevin Bingham wa ku Detroit anathetsa bvuto ili ndi kacitsulo kochedwa Rope Wrench, kamene kanafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Kakhala pamwamba pa mfundo, nikapinda cingwe ngati njoka, kotero kuti kukhulana kwa popindapo kutenga gawo la kulemera, ndi mfundo itsala ndi gawo limene ingathe. Kampani ya Petzl ya ku France inatulutsa m'caka ca 2013 cida cochedwa ZigZag, ndico unyolo wa timapande ta citsulo umene ufinya cingwe monga icitira mfundo ya Prusik. Mtengo wa zida izi ndi wa mabelo a fodya, si wa nkhuku ai, ndipo sitikuuzani kuti muzifune. Tazichula kuti mukaziona musaganize kuti muli nzeru yina yacilendo m'menemo. Cenjezo limodzi lokha mutengepo: cingwe cimodzi comangidwa pa tsinde ndi kupita pa mphanda cisenzetsa mphandayo pafupi-fupi kawiri kulemera kwa wokwera, monga tinaonera ndi ndowa ija.

Mlambe ndi mng'oma

Mlambe uyenera mau ace pa wokha. Malambe ali ndi malonda kuposa kale; agulidwa ndi opanga zakumwa m'matauni, ndipo kuyambira 2008 maiko a ku Ulaya analola ufa wace kugulitsidwa kwao ngati cakudya. Njira ya makolo yokwerera mlambe ndiyo kukhoma zikhomo za mtengo m'thunthu ngati makwerero. Njirayi yatumikira anthu zaka zambiri, koma taonani cimene munthu aponda. Thupi la mlambe nlofewa ndi la madzi, ndipo cikhomo ca caka catha cakhala m'cinyontho dzinja lonse. Cingabvunde kapena kuzuka cikuoneka colimba. Khungwa nlosalala, lopanda pogwira. Nthambi zace, ngakhale nzonenepa, sizilimba monga za mbawa kapena mlombwa za msinkhu womwewo. Wokwera pa zikhomo akhome zatsopano caka ciri conse, za mtengo wolimba, ndipo akhale pa cingwe copita pa mphanda yaikulu ya pa thunthu peni-peni, akukankha mfundo yace pa cikhomo ciri conse. Koma kunena zoona, malambe ambiri afikika ndi nsungwi yaitali ya ngowe ku nsonga, ndipo okhwima agwa okha. Lambe la ku nsonga ya nthambi lisiyireni anyani.

A njuci apacika ming'oma m'mwamba poopa ciuli, linthumbu ndi akuba. Amene asungabe mwambo umenewu amange mng'oma ku cingwe copita pa mphete, kuti pa tsiku lofula autsitse pansi mwa kuzunguliza nsonga pa citsa, m'malo mokwera usiku ndi muuni m'dzanja, njuci ziri kumaso. Munthu wolumidwa ndi njuci makumi-makumi saganiza za mfundo. Ming'oma ya matabwa yolendewera pa waya pa msinkhu wa cifuwa icotsa kukwera konse, ndipo siipha mitengo monga icitira ming'oma ya makungwa.

Mtengo wouma, mtengo wa mphako pa tsinde, ndi mtengo umene nthambi zace zayandikira nthambo za magetsi, usakweredwe ndi cingwe ca mtundu uli wonse. Za magetsizo kauzeni eni ace. Munthu asakwere ali yekha, kapena mvula itangogwa, kapena atalawa mowa. Wina akagwa, musamdzutse kapena kumkhazika pa njinga. Mgonekeni pa citseko, anthu anai anyamule pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti khosi ndi msana zisapindike, ndipo apite naye ku cipatala ali cigonere.

Nchito ikatha, pititsani cingwe conse m'zala zanu kuyambira ku nsonga kufikira ku nsonga, kufuna malo oceka, ofewa, otupa kapena ouma. Cikada ndi mcenga, citsukeni ndi madzi okha ndi kuciyanika pa mthunzi. Cisungeni m'thumba, m'mwamba mosafika makoswe, kutali ndi feteleza, mankhwala a fodya ndi a thonje, ndi madzi a batire. Cingwe cimene cagwira munthu wogwa kwambiri, kapena cimene mwacikayikira, ciduleni m'zidutswa zazifupi tsiku lomwelo, kuti wina asadzakwere naco posadziwa. Zidutswazo mumangire mbuzi.